Masiki a Tamsin

Foni inalira Murray atangomaliza kusakaniza guluu. Anatukwana chapansipansi. Mu shedi yake ya kuseri kwa tauni ya Jindabyne foni inkatha sabata osalira, koma lero inasankha nthawi yake.

Pa benchi panali thabwa lopalidwa bwino la m'kati mwa siki, kathabwa kovala kuphazi kotsetserekera pa chipale chofewa, ndi malamba achikasu a pulasitiki oti amatidwe m'mbali mwake kuti madzi asamalowe. Pulasitiki ameneyu ndi wamakani. Murray anali atamukwecha ndi sandipepa n'kumuwaula ndi lawi la gasi kuti agwire, ndipo guluu akasakanizidwa sadikira munthu. Kale mkazi wake Noelene ndiye ankagwira nsonga ya lamba iye akumanga zopanira. Chimwalirireni mayiyo, ankaitsamira ndi chigongono.

Anasuzumira pa foni. Anali Tamsin, mwana wake yekhayo, amene anapita ku Darwin maliro atatha ndipo sanaimbenso. Masikiwo anali a Tamsin. Murray anawayeza pa msinkhu wake ndi kulemera kwake osamuuza, poganiza kuti chipale chofewa chikagwa mwanayo adzapeza chifukwa chobwerera.

Anadina foni ndi kachala kakang'ono, dzanja lina likupaka guluu.

"Adadi, muli moyo?"

"Ndilipo, mwanawe. Kumeneko ng'ona sizinakudye?"

"Zinandilawa, zati ndine wowawa ngati bambo anga." Anaseka pang'ono, kenako mawu anatsika. "Pali nkhani. Ine ndi Callum tasiyana."

"Mhm," anatero Murray, akukankhira lamba pa thabwa. Pokhota pa thabwalo lambayo anafwamphuka. Anamubweza, n'kumanga chopanira choyamba.

"Wasamuka Lamlungu. Nyumba yangoti zii, ndikumagona pa sofa... Adadi, chikulira ng'we-ng'we n'chiyani?"

"Palibe. Lankhula, ndikumva."

"Mukumva? Ndati wasamuka liti?"

Murray anatsegula pakamwa, koma tsikulo linali litamudutsa.

"Ndinadziwa!" anatero Tamsin. "Amami ankalankhula ndi msana wanu mpaka kufa. Ine sinditero ayi. Pitirizani ndi matabwa anuwo."

Mantha anamugwira mkuluyo, mantha enieni. Mwana uyu akadula foni, sankadziwa kuti adzamumvanso liti. Anayang'ana guluu m'kapu, wayamba kale kufunda ndi kulemera. Thabwa lija analipala nyengo yonse yoyoyoka masamba, ndipo mtengo ngati umenewo analibenso.

Anachotsa chigongono. Lamba anadzuka pang'onopang'ono, n'kupendekeka, guluu akuyenderera pa thabwa. Murray anavula magulovu, natenga foni, nakakhala pa chitini cha penti pakhomo, benchi ataifulatira.

"Tam, manja anga ali pa maondo. Yambiranso."

"Zoona?"

"Zoona. Wachita chiyani chitsiru chimenecho?"

Tamsin anayamba, akulira, akutukwana, pena akuseka. Murray ankangovomera, koma ulendo uno palibe liwu linamudutsa. Dzuwa linachoka pa mapazi ake n'kukwera khoma. Kumbuyo kwake guluu anauma gwa, lamba ali chopendekeka.

"Ndakuchedwetsani," anatero Tamsin pomaliza, akumina. "Mumapanga masiki a ndani?"

Murray anacheuka n'kuona ntchito yakeyo, yongoyenera kusonkhera moto tsopano.

"A munthu wina wake. Sakufulumira."

"Ndiimbenso mawa?"

"Imba," anatero. "Mawa ndilibe chochita."