Buku Lowonda la Achimwene

Mayi wa pasaluni analinyamula bukulo ndi zala ziwiri ngati kansanza, n'kuliponya pakauntala ya wogulitsa mabuku.

"Zaka zitatu tikudikira, n'kutipatsa ichi? Ndaliyamba madzi ali pamoto, ndalimaliza asanawire."

Wogulitsayo anangokanda m'mutu. Mayiyo sanali woyamba kudandaula sabata imeneyo. Mabuku asanu oyambirira a *Mkazi wa Telala* anali onenepa, ndipo anthu ankabwerekana mpaka zikuto kuthothoka. Lachisanu ndi chimodzili, limene aliyense ankati limuuza ngati mkazi wa telala uja adzampeze mwana wake wotayika, linatuluka lopyapyala ngati kabuku ka malangizo a wailesi. Kuwonda kokha kukanapiririka, koma nkhani yakenso inkangodumphadumpha. Apa mkazi wa telala akukwera basi, tsamba lotsatira ali m'chipatala mkono uli m'chikhakha, osadziwika chimene chamugwera.

"Mdala uja nzeru zatha," anatero mayi wa pasaluni. "Matenda aja anamudya mutu. Akanangosiya tikumukonda."

Kumbuyo kwake kunaima mayi wina wachikulire amene anabwera kudzagula maenvelopu. Pamalopo aliyense ankangowatchula kuti Azakhali, ndipo ndi ochepa amene ankadziwa kuti mdala akunyozedwayo ndi mlongo wawo. Mabuku asanu onse aja anawatayipa ndi iwowo pamakina awo akale, kuchokera m'makope amene achimwene awo ankalembamo pamanja. Achimwenewo atadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa, lilime n'kulemera, mwana wawo wamwamuna anatenga makope anayi omaliza. Anati makina a Azakhali ndi a makedzana, iye achita zonse pakompyuta m'masiku atatu. Dzina loti Wachangu sanampatse pachabe. Azakhali anakwiya, ndipo chifukwa cha mkwiyowo bukulo anali asanalitsegule n'komwe.

Tsopano mtima unawawawa. Anabwereka buku lobwezedwalo, n'kukhala pabenchi panja pa sitolo. Atafika pamene basi ikusanduka chipatala, anabwerera m'mbuyo, kuwerenganso. Patsogolo anapeza dzenje lina, kenako linanso. Anawerengera maenjewo ndi zala: anali anayi, ndipo lachinayi linali kumapeto kwenikweni, pamene nkhani inangoduka. Maenje anayi, makope anayi. Anaimirira, maenvelopu n'kuiwala.

Atafika kunyumba kwa achimwene awo, anawapeza kuchipinda, atagona choyang'ana kukhoma. Mlamu wawo, mkazi wa achimwenewo, anawanong'oneza kuti chiyambire tsiku limene anthu anaimba mafoni pawailesi n'kumalinyoza bukulo, bambowo akukana kutuluka. Munthu amene ankakonda kukhala pakhonde n'kumakweza dzanja kwa aliyense wodutsa, tsopano sankafuna kuti wina aone nkhope yake. Tsiku limene bukulo linafika pakhomo analigwira, kuliyeza m'manja, kuyesa kulankhula, koma mawu anakana ndipo misozi inangotsika. Wachangu anauza aliyense kuti bambo ake alira ndi chimwemwe.

Azakhali anamuitanitsa Wachanguyo kuntchito kwake, ndipo anamuuza kuti asabwere chimanjamanja, abwere ndi makope. Anafika masana, tayi ili pakhosi, nkhope ikuonetsa kuti amusokoneza. Anafotokoza moleza mtima, monga amachitira anthu ophunzira akamalankhula ndi nkhalamba, kuti iye anajambula tsamba lililonse ndi foni, osasiyapo ngakhale limodzi. Ngati nkhani ili ndi maenje, ndiye kuti bambo anayamba kudwala kale anthu asanazindikire.

"Nanga za pensulozi?" anafunsa Azakhali, akutsegula kope loyamba patebulo.

"Zimenezo n'zongoyeserera, Azakhali. Simukuona kuti n'zozondoka? Nkhani yeniyeni ndi ya inkiyi."

Azakhali anatsegula tsamba lomaliza la kopelo, n'kumuuza awerenge mzere wotsiriza wa inki. Wachangu anawerenga mokweza: mkazi wa telala anakhala pafupi ndi zenera, basi inanyamuka, ndipo atafika pamlatho woyendetsa anaona. Mzerewo unathera pomwepo. Azakhali analizondotsa kopelo, kumutu kukhala kumiyendo, n'kuloza mzere woyamba wa tizilembo ta pensulo kuseri kwa tsamba lomwelo.

"Pitiriza."

"...kuti mabuleki sakugwira," anawerenga Wachangu, mawu akuchepa.

Azakhali anamufotokozera zimene akanamuuza kalekale akanangofunsa. Bambo ake anayamba kulemba ali mphunzitsi wosauka, m'makope a mapepala opyapyala amene inki inkaonekera kuseri. Ndiye ankalemba ndi inki mbali imodzi mpaka kope kutha, kenako n'kulizondotsa, kubwerera ndi pensulo kuseri kwa masambawo, tizilembo tothinana kuti malo akwane. Makope abwino atabwera, chizolowezi sichinachoke. Nkhani yambiri inkakhala ku pensuloko. Wachangu anapatsa dziko mutu wa kope lililonse, thupi n'kulisiya m'kabati.

Mnyamata wa tayi uja anakhala pansi, manyazi atamugwira mpaka m'makutu. Azakhali anali atakonza mawu ambiri akuthwa m'njira monse, koma atamuona atawerama, anawameza. Anangomuuza kuti akalize galimoto, apite kwa osindikiza bukulo.

Bwana wa kampani yosindikiza mabuku anali mayi wa magalasi, wosakonda kutaya nthawi. Anamvetsera, anapepesa, koma anati buku likatuluka latuluka. Anthu akhumudwa kale, ndipo palibe amene angagule dzina lomwelo kawiri. Azakhali sanatsutse. Anangotulutsa kope lachinayi m'chikwama, kulizondotsa, n'kuyamba kuwerenga mokweza pamene buku lowonda lija linadukira.

Anawerenga za mkazi wa telala akulowa m'sitolo ya nsalu ya m'tauni yachilendo, n'kuona mtsikana akudula nsalu ndi dzanja lamanzere, atapendeketsa mutu ndendende mmene ankachitira malemu mwamuna wake. Mlembi wa mu ofesimo anasiya kutayipa. Munthu amene anabwera kudzasainitsa mapepala anaima pakhomo, mapepala ali m'manja. Foni ya bwana inalira, bwanayo n'kuithimitsa osayang'ana. Mkazi wa telala atangotsegula pakamwa kuti amufunse mtsikanayo dzina, Azakhali anatseka kope.

"Ndiye?" anafunsa bwanayo. "Ndi mwana wake?"

"Buku likatuluka latuluka," anatero Azakhali, akubweza kopelo m'chikwama. "Si mwatero?"

Bwanayo anavula magalasi, n'kuseka mpaka kugwira patebulo. Anafunsa kuti zonse zingatheke liti. Wachangu anatsegula pakamwa kuti atchule masiku atatu, koma atakumana maso ndi Azakhali anatseka pakamwa.

Zinatenga milungu isanu. Tizilembo ta pensulo tija panalibe wina wotha kutiwerenga, choncho m'mawa uliwonse Azakhali ankakhala pabalaza n'kumawerenga mokweza, Wachangu akutayipa pakompyuta yake. Anavomera mumtima, osati pakamwa, kuti chipangizocho chili ndi ubwino wake. Chitseko cha kuchipinda ankachisiya chotsegula dala. Sabata yoyamba sikunamveke kanthu. Sabata yachiwiri, Azakhali atadumpha mzere mosazindikira, kuchipindako kunamveka ndodo ikugogoda pansi kawiri, mwaukali. Anabwerera, n'kuupeza mzerewo. Iwo ndi Wachangu anayang'anana, ndipo chimwemwe chimene chinawagwira Azakhali chinali choti anayenera kupukuta m'maso asanapitirize.

Tsamba loyamba la buku latsopanolo analemba ndi Wachangu mwini, popanda womutuma. Ananena mosabisa kuti bambo ake analemba buku lathunthu asanadwale, ndipo amene analidula ndi iyeyo, chifukwa chosafunsa amene ankadziwa.

Litatuluka, nkhani inali m'kamwam'kamwa. M'mabasi anthu ankatsekana pakamwa kuti wina asaulule mathero. Pawailesi paja anaimbanso mafoni, ndipo ena mwa amene anatukwana kwambiri ndi amene tsopano ankati iwo sanakayikepo ngakhale tsiku limodzi. Azakhali anawasiya anene, poti lilime la munthu wokhuta nkhani silikumbuka za dzulo.

Loweruka lina m'mawa mlamu wawo anasuzumira pazenera n'kubwerera ali kakasi. Pageti panali anthu, aliyense atakumbatira buku lake lonenepa, mzere utafika mpaka pamsewu. Ankafuna kuti mwini nkhani awalembere kanthu pachikuto. Wachangu anati apite akawauze kuti bambo sakupeza bwino, koma Azakhali anamugwira mkono, n'kulowa okha kuchipinda.

"Achimwene, kunjaku kuli anthu anu. Ndiwabweze?"

Achimwene awo anali atakhala kale tsonga m'mphepete mwa bedi, malaya atamanga mabatani mokhotakhota ndi dzanja limodzi. Anawayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali, milomo ikulimbana ndi mawu. Kenako anakweza ndodo, kuloza mpando wawo umene unali pakona, n'kulozanso kukhomo.

Azakhali ananyamula mpandowo okha, osalola wina kuwathandiza, n'kukauika pakhonde, poonekera kumsewu.