Mwana wa Buluu wa Giok

Ku Keelung mvula siitanidwa, imangofika ngati mlamu wosowa pogona. Koma chimphepo cha chaka chimenecho chinabwera ndi abale ake onse. Magetsi anazima chigawo chonse cha kumtunda kwa doko, mapampu anaima, ndipo pamene magetsiwo ankayakanso, thanki yagalasi imene a Pan ankawetamo nsomba ndi makorali inali itasanduka msuzi.

Osadziwa amati korali, chamoyo cha m'nyanja chomera ngati chitsamba cholimba, ndi mwala. Mwala ukafa sununkha choncho.

Nsomba anaziwola ndi kaukonde osadandaula kwenikweni. Chimene chinawakhazika pansi chinali pakati pa thanki: korali wa nthambi ngati nyanga za gwape, wabuluu mpaka kunsonga, amene mkazi wawo Giok adamulera kuchokera pa kachidutswa kochepa ngati dzino. Tsopano anali fupa lokhalokha. Mwini wake anali atamwalira, chaka chisanakwane n'komwe.

Tinene zoona: thanki inali ya Giok. Iye ndiye ankadziwa mchere, kutentha kwa madzi ndi mphamvu ya nyali. A Pan, dalaivala wa basi wopuma ntchito, ankadziwa kunyamula madzi ndi kuseketsa anthu. M'gulu la oweta makorali ankatchedwa Nduna ya Zidebe, ndipo udindowo ankaunyadira.

Gululo linali ndi lamulo limodzi lokha. Korali aliyense wolowa m'kaundula azikhala ndi mwana kunyumba ina. Umathyola kanthambi, n'kukamata pa kamwala, n'kukasungitsa kwa mnzako, kuti tsoka likagwa kwanu mtundu usathe. Kaundulayo aliyense ankamuona pafoni, koma wololedwa kulembamo anali Mayi Kao okha, ogulitsa mkaka wa soya ndi zitumbuwa za anyezi pafupi ndi siteshoni.

"Pepani, Nduna," anatero Mayi Kao akupukuta manja, a Pan atawafotokozera. "Koma musalire maliro a munthu wamoyo. Buluu wa Giok ali ndi mwana. Ali kwa a Tseng."

"Kwa Tseng wometa uja? Pa anthu onse a m'tauni muno?"

"Mkazi wanu ndiye adasankha. Kwa a Tseng sikufa kanthu."

"Kungafe bwanji? Imfa nayo imafuna kuwala kuti ione chogwira."

A Tseng anali ndi thanki kuseri kwa chipinda chometera, ndipo nyali zawo zinali zofooka moti a Pan ankawaseka pamsonkhano uliwonse kuti nsomba zawo zimayenda ndi ndodo. Tsiku limenelo, atafika kumeneko, a Pan sanaseke. Anaŵerama pagalasi, kufufuza uku ndi uku.

"Ali kuti?"

"Si uyo mwamuloza ndi mphunoyo, achimwene."

Mwana anali atakula ndithu, ngati kabichi wabwino. Koma anali wakhofi, khofi wa tiyi wogona m'kapu.

"Uyu si iyeyo."

"Ndi iyeyo. Kanyama n'komweko, malaya okha. Mumdima amavala khofi, pa nyali za alamu ankavala buluu. Ndikuthyolereni nthambi ziŵiri zabwino, mukayambirepo."

"Ndimutenga yense."

A Tseng anavula magalasi awo. "Yense? Lamulo mukulidziwa. Sitiika mazira onse m'thumba la dalaivala wa basi."

"Mwamutsekera m'ndende zaka zonsezi, mwamusandutsa chikuni. Mwambo wokumbukira chaka chimwalirireni Giok ukubwera, abale onse adzakhala pabalaza panga. Ndidzawaonetse kanthambi ngati chotokosera mano?"

"Achimwene, mverani..."

"Anali mkazi wanga kapena wanu?"

Pamenepo wometa, munthu amene pakamwa pake sipankapuma ngati lumo lake, anavalanso magalasi ake. Anapinda malaya, anatenga tchizulo, n'kulowetsa mkono m'madzi. Korali anathyokera patsinde, khoo! Anamuika m'chidebe ngati akugoneka khanda.

"Mukamuike pansi penipeni, pamthunzi," anatero. "Muzimukweza pang'onopang'ono. Wazolowera mdima wanga. Alamu ankati korali sathamangitsidwa ngati basi yochedwa."

"Ankanena ine ameneyo," anayankha a Pan, ndipo onse aŵiri anayesa kuseka.

Kunyumba anatsuka thanki, anasakaniza madzi atsopano, n'kumuika pansi monga adauzidwira. M'maŵa uliwonse ankayatsa lubani pa chithunzi cha Giok, kenako n'kutembenukira kugalasi. Khofi. Tsiku lina khofi. Mwambo unkayandikira, mlongo wa Giok anali atayamba kale kuimba foni za nkhuku ndi zipatso za nsembe, korali ali phee, osachita manyazi ndi mtundu wake.

Zaka makumi atatu pa chiwongolero zimaphunzitsa munthu chinthu chimodzi: ukachedwa, ponda mafuta. A Pan anamunyamula korali uja n'kumukhazika pamwamba pa miyala, pampando wa mayi wake, ndipo nyali anazitsegula mpaka pothera.

Ndipo zinaoneka ngati zatheka! Khofi anayamba kusuluka. Nthambi zinambuwa, kunsonga kukuoneka kabuluu kotuwa ngati utsi. A Pan anajambula chithunzi n'kutumiza pagulu: "Tseng, bwera udzaphunzire kwa Nduna ya Zidebe."

Gululo linkayankha nthabwala zawo asanamalize n'komwe, koma ulendo uno Mayi Kao okha ndiwo analemba: "Tsitsani nyali lero lomwe. Sakuwala ameneyo, akupsa."

Nsanje, anatero a Pan mumtima. Komabe anatsitsako pang'ono, monga munthu amachepetsera mowa dokotala akamuopseza.

Zinali zitachedwa. Mnofu unayamba kusupuka kuchokera patsinde, ukuuluka m'madzi ngati tizidutswa ta pepala lonyowa. Anathyola nthambi zakumwamba kuti apulumutseko, anaziika pamthunzi, anasintha madzi mpaka msana kuwawa. Nazonso zinatsatira mayi wawo.

Pa tsiku la mwambo nyumba inadzaza. Anagwada, anafukiza, anawotcha mapepala a ndalama za mizimu m'chitini pakhonde, mvula ikuyesetsa kuzimitsa. Atatha kudya, mlongo wa Giok anaima pathanki, manja kumbuyo.

"Alamu, mwausamala bwanji mwala wa achemwali! Kuyera kwake ngati mpunga. Akanakondwa."

"Akanandiponyera chidebe," anatero a Pan. Abale anaseka, poti ndi a Pan, chilichonse chotuluka pakamwa pawo chimakhala nthabwala. Iwo analoŵa kubafa, natsegula mpopi kuti pasamveke kanthu.

Patapita masiku anapita kwa Mayi Kao. Sanakhale pansi.

"Fufutani Buluu wa Giok. Wafa kwanga, ndipo kwina kulibe. Polemba chifukwa mulembe dzina langa."

Mayi Kao anawathirira mkaka wa soya wotentha osawafunsa. "Sindifufuta nyumba zonse ziŵiri zisanavomere. Pitani mukamve kwa a Tseng."

"Kuti akandimete ndi mawu?"

"Tsitsi lake mulibe. Pitani."

A Tseng anali akusesa tsitsi pansi. Sanafunse kanthu, chithunzi chija adachiona ngati wina aliyense. Anangotsamiritsa tsache, n'kuwatsogolera kuseri, n'kuloza pamwala pamene tchizulo idadutsa.

Poyamba a Pan sanaone chilichonse. Kenako anaona. Pachipsera panali kachikhungu komatirira pamwala, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kakhofi. M'mbali mwake timilomo tating'onoting'ono tinkagwedezeka ndi madzi.

"Tchizulo siimaliza," anatero a Tseng. "Sindidasiye dala, musandiyamike. Ndakaona posachedwa pomwepa."

"Kaphuka nthambi liti?"

"Pa nyali zanga zakumanda? Achimwene, ine ndi inu tisaŵerenge zimenezo. Mwina adzukulu."

"Buluu?"

"Kuno ayi."

A Pan anaŵerama mpaka mpweya wawo kuchita nkhungu pagalasi. Buluu uja, amene Giok ankamuyang'ana madzulo ali ndi kapu ya tiyi m'manja, sadzamuonanso. Chotsala ndi ichi, chipsera chamoyo m'nyumba ya munthu wina.

"Kakakula, nthambi yoyamba ndi yanu," anatero a Tseng.

"Ayi. Mudzapatse Mayi Kao, kapena wina wa manja ozizira. Ndikadzapempha mudzandikanize. Ndikadzatchula mkazi wanga, mudzandikanize kaŵiri."

Wometa anagwedeza mutu, akupukuta magalasi amene sanali akuda.

A Pan anayang'anayang'ana m'kachipindamo. Pakona panali zidebe ziŵiri zopanda kanthu, ndi thumba la mchere lotsegula.

"Madzi mumasintha liti, Tseng?"

"Ndikapeza mpata. Msana wanga ndi uwu mukuuonawu."

"Ndiye chifukwa chake nsomba zanu zimayenda ndi ndodo."

A Pan anapinda malaya, ananyamula zidebe zija, n'kufunsa kumene kunali mpopi.