Chipewa cha Phiri ndi Mtedza wa Amayi

Ndinkaswa mtedza ngati munthu amene akuwerenga kalata yovuta. Ndinkatola umodzi m'lichero, kuugwedeza pafupi ndi khutu, kuutembenuza, kenako n'kuuphwanya ndi chala chachikulu. Njere ndinkaziponya m'chitini, makoko m'thumba la feteleza. Ndinayamba Lachitatu, koma pofika Loweruka chitini chinali chisanafike n'pakati pomwe.

Amayi ankayanika zovala pa waya kuseri kwa nyumba. Anasuzumira m'chitinimo n'kunena kuti nanzikambe akanamaliza kale ntchitoyo n'kupita kokasamba. Ndinangotola mtedza wina. Pa komboni yonse ankandidziwa kuti Ricardina, kapena kuti Dina, wa a Sebastiao ndi mwana woti ukamupatsa moni amayankha zala za kumapazi kwake.

Mtedzawo sunali wodya ayi. Unali mbewu, ndiponso yomaliza. Ndi mtedza waung'ono wofiira umene amayi anaumanga m'chitenje pamene tinkathawa nkhondo ku Angonia mu 1984. Ziwiya anazisiya, mbuzi anazisiya, koma mtedza anautenga. Titafika pa pulazi ya fodya imeneyi, kuseri kwa mapiri a Mvurwi, foromani anatipatsa kamunda pafupi ndi dibi la ng'ombe, ndipo chaka chilichonse amayi ankasunga mbewu. Koma zaka ziwiri zotsatizana mbewuyo inkangochepa, mpaka kutsala lichero limodzi limene linali pamiyendo pangalo. Likanathera m'nthaka, mtedza wa kwathu ukanatha basi.

Amene ankaumaliza anali bambo, ndi mtima wabwino.

Bambo ankagwira ntchito m'mabalani oumitsira fodya. Mu Novembala mabalani amakhala opanda kanthu, choncho iwo ankakhala ndi nthawi yambiri yoyang'ana kumwamba. Kwathu ku Angonia, iwo amati, phiri la Domwe likavala chipewa cha mtambo, munthu sankadikira kuuzidwa. Ankatenga khasu, pakuti mvula inkamupeza asanamalize mzere wachitatu. Agogo awo ankatero, bambo awo ankatero. Ndiye pano, mapiri a kum'mawa kwathu akangovala chipewa, bambo ankatulutsa makasu n'kutitsogolera kumunda. Timadontho tingapo tinkagwa, tokwana kungofufumitsa njere, kenako dzuwa. Mbewu ina inkawola, ina nkhanga zinkafukula.

Bambo ankati mapiri a kuno ndi osaleredwa bwino.

M'mawa wa Loweruka limenelo chipewa chinabweranso, chotuwa, chitakhala bwinobwino pamsana pa phiri. Bambo anaima pakhomo manja ali m'chuuno. Anauza amayi kuti lero ndi lero, n'kufunsa ngati mbewu yatha kuswedwa. Amayi anangoloza ine ndi chibwano.

Bambo ataona chitini anagwira mutu. Anandifunsa ngati ku sekondale amatiphunzitsa kupempha chilolezo kwa mtedza uliwonse tisanauswe. Anakoka mpando, n'kukhala pafupi nane, n'kuyamba kuswa okha, iwiriiwiri, ndi manja onse. Masiku anayi a ulesi wanga wadala ankatha ndikuona.

Nthawi yomweyo thirakitala inalira pamsewu wa komboni. Anali a Laxon, oyandikana nafe nyumba, amene makolo awo anachokera ku Malawi kalekale. Ndiwo ankayendetsa thirakitala ya pulazi, ndipo m'mawawo anawoloka phiri kupita ku Mvurwi kukatenga mankhwala a dibi. Anatsika ovololo ili chonyowa, madzi akudontha m'chipewa.

"Mwaona, mayi a Dina?" anatero bambo, akuloza ovololoyo ndi koko la mtedza. "Mvula ndi imeneyo. Yabwera pa thirakitala."

"Yatsikira panjira, mudhara," anatero a Laxon, amene ankawatcha bambo mdala m'Chishona. "Ndinaiuza kuti tiye ukaone a Sebastiao, iyo yati ili ndi abale ku Mvurwi."

Anafotokoza kuti kutauniko kunali guti, kamvula kowaza kaja ka Mashona, kuyambira m'bandakucha, ndipo azimayi a pamsika anali atafunda mapepala a pulasitiki. Koma atangopitirira pamwamba pa phiri n'kuyamba kutsetsereka, fumbi linawalandira ngati mlamu. Anati ngati bambo akufuna mvula ya mtedza, iwo akhoza kufinya ovololo pamunda, ikwana mizere iwiri.

Bambo anayankha kuti munthu wobadwira m'komboni sangadziwe chilankhulo cha phiri. A Laxon anati n'zoona, koma phiri ili limayankhula Chishona, ndipo bambo akhala akuliyankha m'Chipwitikizi zaka zisanu. Amayi anaseka mobisa kuseri kwa bulangeti limene ankayanika. Bambo sanaseke. Anadzuka kukatenga makasu atatu n'kuwatsamiritsa pakhoma, kenako anabwerera kudzaswa mtedza mwaukali.

Ine ndinkadziwa chifukwa chake mvula inkatsikira panjira, ndipo ndinali nditachidziwa kwa chaka ndi theka. Aphunzitsi athu a jogalafe anajambulapo phiri pa bolodi, ndi mivi yokwera mbali ina n'kutsika mbali ina. Anzanga anakopera n'kuiwala. Ine ndinayang'ana pawindo n'kuona phiri lomwelo lili apo. Kuyambira tsikulo, kumapeto kwa kope langa la masamu ndinkalemba zinthu ziwiri madzulo aliwonse a dzinja: kumene chitenje cha amayi chaulukira pa waya, ndiponso ngati mvula yagwa. Masamba anayi anadzaza. Palibe amene ndinamuonetsa. Kangapo ndinatsegula pakamwa bambo ali pafupi, koma mawu ankafika pakhosi n'kubwerera, ngati mbuzi yoona dibi.

Ndinayang'ana pa waya. Chitenje chinkaulukira kumadzulo, kuthawa phiri.

Lichero linatsala pang'ono kutha. Bambo anakhuthula makoko omaliza, n'kugwedeza chitini pafupi ndi khutu monga ndinkachitira ine, n'kumwetulira. Anauza amayi kuti asiye zochapazo. Amayi anapukuta manja pang'onopang'ono. Anayang'ana chitini nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti sanena kanthu, monga sananene chaka chatha ndi chaka chinacho. Bambo anatambasula dzanja kuti anyamule chitini.

Ndinachikhalira.

Sindinaganize, ndinangopezeka nditachikoka n'kukhala pamwamba pake, siketi itachiphimba. A Laxon, amene ankavula nsapato pakhonde pawo, anasiya nsapato ina ili m'manja.

"Dina, wakhala nkhuku?" anafunsa bambo.

"Ababa, kwathu nyumba yathu inali mbali iti ya Domwe?"

Mawu anga anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Bambo anayang'ana amayi ngati akufunsa kuti wayankhulayo ndani. Kenako anati inali mbali yotulukira dzuwa, chakummwera pang'ono, kumene mwera unkawomba pakhomo penipeni.

"Ndiye phiri silinaname," ndinatero, maso ali pa makoko. "Ife ndi amene tinasamukira kumsana kwake."

Ndinawauza zonse, mothamanga, kuopa kuti ndikapuma sindiyambanso. Ndinati mphepo ya lero yachokera kunyanja ya ku Beira itasenza madzi. Ikakumana ndi mapiri ilibe kolowera, imakwera, ndipo kumwambako imazizidwa n'kutula katundu. Wambiri imatula kumapiri akuluakulu a ku Manica, wotsala imadzatula pa Mvurwi ndi pa ovololo ya a Laxon. Chipewa chimene tikuonacho ndi mphepete chabe mwa mvula ya eni ake. Ikamatsikira kwathu kuno imakhala yopepuka, ndipo potsika imafunda, n'kuyamba kuyamwa chinyezi m'malo mopereka.

Ndinaona kuti mivi ya pa bolodi sinawafike, ndiye ndinafunsa chimene mpweya wofunda umachita ndi fodya m'balani.

"Umamuumitsa," anatero pang'onopang'ono.

"Lero munda wathu uli m'balani, ababa."

A Laxon anaomba nsapato pansi n'kunena kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti mwanayu anameza lilime, osadziwa kuti anameza wailesi. Bambo anawauza kuti akayanike ovololo. Kenako ananditembenukira n'kufunsa, mosakweza mawu, kuti nanga mvula yathu ndi iti.

Ndinathamangira m'nyumba chitini chili m'khwapa, n'kubwera ndi kope. Ndinawaonetsa masamba anayi aja. Masiku onse amene mvula yeniyeni inagwa, chitenje chinkaulukira kuphiri. Imeneyo ndi mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo, kudutsa pa dibi, yonyowa ndi yofunda. Ikafika kuno ndife amene tili pakhomo pa phiri. Imakwera mbali yathu, dzuwa la masana n'kuikankhanso kuchokera pamiyala yotentha, mtambo n'kumera ngati chulu, wakuda kunsi, mpaka kugunda.

Bambo anatsata mizere ya m'kopemo ndi chala, ngakhale kuwerenga kwawo kunali kwa manambala a pabalani okha. Anayang'ana phiri ndi chipewa chake, n'kuyang'ana waya. Anapita pakhoma, n'kutenga makasu atatu aja, n'kuwalowetsa m'nyumba. Potuluka anauza amayi kuti chitenje chimenecho chisachoke pa waya mpaka Khirisimasi, ndipo ngati akufuna chovala abwereke kwa akazi a Laxon.

Kenako anatambasulanso dzanja, akuti ndiwapatse mbewu akaisunge pamwamba pa kabati. Ndinachikumbatira chitinicho.

"Ayi, ababa. Mawa phiri likavalanso chipewa mudzaiwala. Chitini chikhala kwa amayi, pakuti ndiwo anachisenza kuchokera kwathu. Inu muziyang'ana chitenje, chikaloza kuphiri mudzatiuze."