Chingwe Chachiwiri cha Aphunzitsi a Jeremiah

Chimwalirireni aphunzitsi a Jeremiah, chipinda cha makompyuta pa sekondale ina ya kuseri kwa Njuli sichinakhalenso bwino. M'mawa uliwonse netiweki inkafa, tinyali ta pa swichi, kabokosi kolumikiza makompyuta, tikuphethira tonse pamodzi ngati tagwidwa ndi malungo. Ana anayamba kulambalala chitsekocho. Ahedi, atatopa ndi manong'onong'o a za mzimu wa malemuwo, ananena kuti zikachitikanso Lolemba atseka chipindacho, makompyuta abwerere kwa amene anapereka.

Habiba, mmisiri wa makompyuta wa ku Limbe, anali atabwerako kale kawiri, ndipo vuto analipeza tsiku loyamba lomwe. Kuchokera ku ofesi kunkabwera zingwe ziwiri, chifukwa malemuwo ankafuna kuti china chikaduka, chinacho chigwire ntchito. Swichi yawo yakale inali yanzeru, inkadziwa kutseka njira imodzi payokha. Koma iwo atangomwalira mphenzi inaiwotcha, ndipo imene inagulidwa m'malo mwake inkangolandira uthenga n'kuubweza. Uthenga umodzi womwewo unkazungulira pakati pa ofesi ndi chipinda osafika kulikonse, mpaka zonse kutsamwa. Habiba ankazula chingwe chachiwiricho, n'kuchipinda, n'kuchiika pamwamba pa kabati ya swichiyo. Akabweranso ankachipeza chitabwerera m'bowo mwake. Aphunzitsi onse ankakana kuti sanachikhudze, ena akuyang'ana kumbali.

Ulendo wachitatu Habiba anagona pa Njuli, nakwera kabaza m'mamawa, chiperoni chitameza phiri lonse. Mlonda anamutsegulira n'kukiyanso chitseko, ndipo iye anakakhala pakona ya kumbuyo. Pa bolodi panali pakuonekabe zolemba za malemuwo, zimene palibe analimba mtima kufufuta. Za mizimu Habiba sankazilabadira, komabe atamva kiyi akutembenuka pachitseko, anadzipanikiza kukhoma.

Analowa mayi Tikhala, mkazi wa malemuwo, amene sukulu inawapatsa ntchito yosesa maliro atatha. Sanamuone. Anasesa, natembenuza mpando wa aphunzitsi kuti uyang'ane kuzenera. Kenako anafikira pa kabati, natenga chingwe chija, nachilowetsa m'bowo lomaliza osafufuza n'komwe. Tinyali tinayamba kuphethira.

Habiba anatsokomola, nawapatsa moni. Mayiwo sanadzidzimuke kwenikweni. Ananena kuti iwo amangobwezera zinthu mmene bambo ankazisiyira, ndipo kuti kale bambowo akadwala ankawatuma kudzaona ngati chingwecho chili m'malo.

"Kanyali kake kankayaka chikasu," anatero. "Ankati chimenechi n'chingwe chodikira. Masiku ano kakuyaka ngati tinzaketi, ndiye ndimati kapena ndine ndikulowetsa molakwika. Mawa lake ndimayesanso."

Habiba anawafotokozera za swichi yopsa ija. Anamvetsera mwaulemu, tsache lili m'manja, koma iye anaona kuti ngakhale atawaletsa, Lolemba dzanja lawo lidzafikanso pa kabati. Kwa ahedi anangonena kuti vuto ndi swichi, zomwe zinali zoona.

Loweruka anabwera ndi swichi yanzeru yogwirapo kale ntchito, imene inkangokhala m'shopu mwawo. Anaiika, naiuza kuti ikaona njira ziwiri, izitseka imodzi. Chingwe chija anachisiya pa kabati dala.

Lolemba m'mawa anaima pakhonde, akusuzumira pazenera. Mayi Tikhala anasesa, natembenuza mpando, nalowetsa chingwe. Tinyali tina tonse tinkaphethira mwakachetechete, kalikonse panthawi yake. Ka kumapeto kanayaka chikasu, n'kukhala chomwecho.

Mayiwo anaima nthawi yaitali akukayang'ana. Belu litalira, ana anayamba kulowa mmodzimmodzi, woyamba akukankhidwa ndi anzake. Mayi Tikhala anatola tsache lawo, ndipo potuluka anaweramira swichi ija n'kunena motsitsa mawu, "Ndapita, bambo."