Lole ya maliro a Tisungane

A Fabiano anafika pa ofesi ya esiteti m'mawa, atavala jombo zothyolera tiyi koma opanda dengu kumsana. Olivia, kalaliki wa pa ofesiyo, atangowaona anadziwa kuti kwagwa zovuta.

"Tisungane watisiya dzulo, mayi. Ali ku mochale. Ndabwera kudzapempha lole kuti tikamuike kwathu ku Thekerani."

"Pepani kwambiri, bambo. Takhalani pampandopo."

Olivia anatsegula templeti ya maliro pa kompyuta, kalata yolembedwa kale imene ankangodzazamo dzina, tsiku ndi mudzi. Anaikonza yekha zaka ziwiri zapitazo. Kale aliyense ankalemba pempho mwa njira yake, ndipo wodziwana ndi akuluakulu ndiye ankathandizidwa msanga. Chibwerere templetiyo, wothyola tiyi ndi kapitawo ankatuluka ndi kalata yofanana. Koma pa ubale wa wantchito ndi womwalirayo panali posankha panayi pokha, monga mwa lamulo la esiteti: mkazi, mwamuna, mwana, kholo.

"Anali mwana wanu?"

"Wa mlongo wanga. Mayi ake atamwalira ndinamutenga ali ndi zaka zinayi. Mwinimbumba ndine. Ndikalephera ine, amunyamula ndani?"

A Crispin, dalaivala wa lole, anali atatsamira pakhomo akumvetsera. "Achemwali, ingodinani pa mwanapo. Kompyutayo ili ndi maso ngati?"

"Ndikanama lero, mawa inu mubwera ndi apongozi a mnzanu wa pa bawo," anatero Olivia. Sanaseke. Anatenga pepala n'kukagogoda kwa a Dixon, oyang'anira antchito.

"Bwana, templeti ija ndinalakwitsa. Ndinaiwala amalume."

A Dixon anamva nkhani yonse, kenako anavula magalasi. "Kwathu ku Rumphi mwana ndi wa bambo ake. Bambo wa mtsikanayu ali kuti?"

"Anapita ku Joni mwanayo asanayambe kuyenda. Kuno kwathu udindo ndi wa amalume, bwana. Akapanda kufika nawo malirowo kumudzi, a Fabiano sadzayankhulanso pa bwalo la mbumba yawo."

"Mukudziwa kuti mukasinthira mmodzi mwasinthira onse? Lole ndi imodzi, Olivia."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu m'malo mongodina. Ndikufuna zilembedwe, kuti wina akadzabwera ine kulibe asadzabwezedwe."

A Dixon anayang'ana pa windo anthu amene anali atayamba kale kuwerama m'mizere ya tiyi.

"Lembani kuti: mwana woleredwa m'nyumba ya wantchito. Koma kapitawo wake azisainira kuti ankakhaladi momwemo. Osati mphwake aliyense wa kumudzi."

"Nanga lero? Kapitawo wawo ali kutali, kumunda wa kumtsinje."

"Lero ndisaina ndine. Mtsikanayo ndinkamuona akuchapa pa mpope wa ku malayini a nyumba za antchito."

Olivia anabwerera pa kompyuta, anawonjezera mawuwo mu templeti yeniyeniyo, n'kusunga. Kalata itatuluka, a Fabiano anaigwira ndi manja awiri.

"Mundiwerengere, mayi. Maso anga avuta."

Anawawerengera pang'onopang'ono. Atafika pa mawu oti "woleredwa m'nyumba", a Fabiano anagwedeza mutu.

"Zaka khumi ndi zitatu," anatero.

A Crispin anali atapita kale kukaliza lole. A Fabiano anakana kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo, kumene adzaike bokosi.