Zomwe Lamulo Linam'bwezera Huzalum

Huzalum atatsika m'ngalawa ya amalonda padoko la ku Larsa, sanalowe mumzinda. Anatsata ngalande ya kum'mawa wapansi, kulunjika kumunda kwake. Zaka zinayi anali kapolo kumapiri a ku Elamu, akusenzera miyala anthu amene anamugwira pankhondo, mpaka kachisi wa kwawo anamuwombola. Mano awiri akutsogolo anawasiya komweko.

Munda anaupeza. Chikhomo chimene akapitawo anakhoma pangodya tsiku lomwe anamulemba usilikali chinali chikhalire. Mfumu imapatsa msilikali aliyense munda ndi nyumba, iye n'kumanyamula mkondo akaitanidwa. Koma mundawo sunali monga anausiyira. Mbali ya kumunsi, imene inkatuwa ndi mchere, inali ndi balere wofika m'mawondo, ndipo m'mphepete munali mizere ya anyezi.

Mwini ntchitoyo anali pomwepo, munthu wamfupi wa khosi lalikulu, khasu lili m'manja.

"Mukufuna yani, bambo?"

"Ndine Huzalum."

Munthuyo anatsitsa khasu pang'onopang'ono. "Huzalum anamwalira. Mwezi uliwonse timamuthirira madzi ansembe pamodzi ndi makolo athu."

"Mwina n'chifukwa chake ludzu silinandiphe kumapiriko."

Palibe anaseka. Munthuyo anali Taribum. Anafotokoza yekha, ali chiimire, maso ali pakhasu. Akapitawo ataona kuti Huzalum sakubwera, anapereka munda, nyumba ndi usilikali wake kwa iye. Ahasunu, mkazi wa Huzalum, anapita kwa mlongo wake, koma kumeneko balere anatha chaka chisanathe. Anabwerera m'nyumba yomweyo ngati mkazi wa Taribum.

"Pali mwana," anamaliza choncho Taribum. "Wamkazi. Kalumtum. Akadayamwa."

Mlandu unakambidwa pachipata cha mzinda. Akapitawo, a Munawirum, anali atanenepa kuposa kale, ndipo ankaweruza akudya zipatso za kanjedza.

"Iwe Huzalum, ngakhale akufa akukana? Anaona kuti uwathera chakudya eti?" Analavula nthanga. "Apa palibe chovuta, lamulo la mfumu lilipo. Msilikali wogwidwa pankhondo akabwera, munda ndi nyumba zimabwerera kwa iye. Mkazi amene anakwatiwa chifukwa cha njala alibe mlandu, abwerere kwa mwamuna wake woyamba. Mwana amatsata bambo ake. Iwe Taribum usagwetse nkhope. Kumadambo akukumba ngalande yatsopano, minda ilipo yambiri, udzudzu ndi waulere. Ukwera ngalawa tikatha kukolola."

Tisamunamizire Huzalum, tsiku limenelo anakondwa. Zaka zonse zija, mwala ukamulemera pamsana, ankaganiza za chitseko chake chabango ndi za mkazi akuphika kuseri kwake. Zonsezo anam'bwezera m'mawa umodzi. Taribum anatenga mwana, mphasa ndi khasu lake, n'kukakhala kwa mchemwali wake kutsidya kwa ngalande.

Ahasunu sanalakwitse kanthu. Mkate unkapsa pa nthawi yake. Mowa wa balere ankaufulula monga kale, n'kumuikira bango lomwera loyera bwino. Anamusokera malaya atsopano. Akamufunsa chinthu ankayankha, akapanda kumufunsa ankakhala chete. Huzalum ankafuna kumuuza za kumapiri, za chisanu chimene chinkang'amba zala, za mnzake amene anafera m'manja mwake, koma akayamba, mkaziyo ankamvetsera mwaulemu ngati akumvetsera mlendo, ndipo nkhaniyo inkafera m'kamwa.

Ngalandeyo si yotakata. Masana mphepo ikaleka, kulira kwa mwana kunkamveka bwinobwino kuchokera kutsidya, kumene mchemwali wa Taribum ankamukakamiza mkaka wa mbuzi.

Tsiku lina Huzalum anabwerako kumunda msanga, bondo likumupweteka. Anapeza Ahasunu atagwada pamphero, akupera balere. Kutsidya mwana ankalira. Manja a mkaziyo sanaleke kupera, koma pachifuwa pa chovala chake panali patanyowa mbali zonse ziwiri, ndipo kunyowako kunkatsikira kumimba.

Huzalum analankhula ali pakhomo pomwepo.

"Pita ukamuyamwitse."

"Akuti azolowere, bambo. Akangondiona, ndiye kuti zonse ziyambirenso."

"Kodi ine unandilira?"

"Ndinalira. Chaka chathunthu ndinalira, ndinamaliza."

"Nanga panopa?"

"Panopa ndine mkazi wanu." Anakokolola ufa ndi dzanja, kuuthira m'dengu. "Mudya tsopano kapena muyamba mwasamba?"

M'mawa mwake Huzalum anapita kwa akapitawo. Anawapeza pabwalo lopunthirapo, akukalipira anthu amene ankayendetsa ng'ombe.

"Bwana, munda wanga ndi waukulu, ndipo bondo langa ili latha. Dulani pakati, theka atenge Taribum. Asapite kumadambo. Mwanayo azikulira pafupi ndi mayi ake."

"Udule chiyani? Munda ndi wako iwe?" A Munawirum anamuyang'ana ngati waledzera. "Munda ndi wa mfumu. Sungaugulitse, sungaugawe, ngakhale mkazi wako sungamusiyire. Ukapatsa munthu, ndilanda kwa nonse awiri."

"Ndiye ndisiye usilikali, iye apitirize monga ankachitira."

"Kachisi anakuwombola kuti uzikawedza nsomba? Chikhomo chija ndi chako mpaka udzafe, ndipo ulendo uno udzafe zenizeni."

"Nanga changa n'chiyani, chimene ndingapereke popanda kupempha munthu?"

"Mbuzi, ngati uli nayo. Mkazi. Mano unapereka kale." Anaseka okha, n'kutembenukira ku ng'ombe zija.

Huzalum sanabwerere kunyumba nthawi yomweyo. Anakakhala m'mphepete mwa munda mpaka mthunzi wa kanjedza unafika pamapazi ake. Sanali munthu wopatsa. Ankadziwa kuti mkazi wina sadzamupeza, msilikali wokalamba, wotsimphina, wopanda mano akutsogolo. Ankadziwanso kuti akangokhala chete, ngalawa idzapita, mkaka udzauma, ndipo Ahasunu adzamuphikira mpaka kumuika m'manda, osadandaula ngakhale kamodzi. Anayesa kudziuza kuti zimenezo n'zokwanira. Masabata okolola onse anayesa.

Tsiku la ngalawa linafika. Huzalum anati, "Vala chovala chako cha mphonje chija, tikawatsanzike."

"Musandipititse kumeneko, bambo."

"Vala."

Anavala. Potuluka anaona mwamuna wake atasenza mphero paphewa, mphero imene iye anabwera nayo kuchokera kwa makolo ake.

"Imeneyo ikupita kuti?"

"Kumadambo kulibe miyala."

Padoko panali anthu ambiri. Ngalawa inali yopakidwa phula latsopano, yodzaza matumba a mbewu ndi mabanja a asilikali opita kuminda yatsopano. Taribum anali atanyamula mwana pachiuno, monyamula mwa munthu amene waphunzira kumene. Kalumtum anali atawonda. Ataona mayi ake anayamba kudzikoka, Ahasunu n'kuyang'ana kumadzi.

Huzalum anatula mphero m'ngalawa. Kenaka anaitana a Munawirum ndi mwini ngalawa kuti ayandikire.

"Muone ndi maso anu, kuti pasadzakhale wonena zina."

Anagwada movutikira, bondo likukana, n'kusolola mpeni. Anagwira mphonje ya chovala cha Ahasunu. Amayi amene anali pafupi anasiya kulankhula, pakuti kwathu kuno mwamuna akadula mphonje ya mkazi pamaso pa mboni, ukwati watha. Mpeni unali wobuntha, ndipo nsaluyo inali yolimba. Anachita kucheka.

"Sulinso mkazi wanga."

Mawuwo anatuluka mopepuka, akupita ndi mpweya pamene panalibe mano, mwakuti mwini ngalawa anati, "Bwerezani, achimwene, sindinamve." Anabwereza.

Ahasunu anali atagwira pakamwa. "Pamaso pa anthu onsewa? Ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Aliyense amve, palibe chimene walakwa." Anadzuka pogwira phewa la mwini ngalawa. "Kwerani, amake Kalumtum. Anthu akudikira inu."

A Munawirum anapukusa mutu. "Iwe, ine ndinkangocheza tsiku lija."

"Ndikudziwa, bwana."

Taribum anayandikira. Anangopereka mwana kwa mayi ake, n'kuwagwira mkono pokwera. Ahasunu anakakhala kuseri kwa matumba, msana ataulozetsa kudoko. Mwana analira pang'ono, kenaka kulirako kunaduka mwadzidzidzi.

Atayamba kukankha ngalawa ndi mapondo, Ahasunu anatembenuza mutu.

"Bambo, mowa uli mumtsuko wa kuseri kwa chitseko. Ukhala utapsa mawa. Musausiye, usasa."

"Ndamva."

Ngalawa inakhota pa mabango, anthu n'kumwazikana. A Munawirum anamukumbutsa kuti madzi othirira kumunda ndi ake masana amenewo, ndipo akachedwa atsegulira wa munda wotsatira.

Huzalum anatsata ngalande yekha. Ali pakati panjira anazindikira kuti kansalu kaja akadali nako m'manja. Anali ataonapo amuna ena akudula mphonje, koma sanaonepo chimene amachita nayo pambuyo pake, ndipo panalibe womufunsa. Anaima pang'ono, akuyang'ana madzi. Kenaka anakapinda, n'kukalowetsa m'lamba, n'kufulumira kuti akatsegule madzi nthawi yake isanadutse.