Radoje Abwerera Sutikesi

Radoje anali munthu wopatukira aliyense. Pamzere wa buledi ankalola anthu kumudutsa, m'basi ankaimirira mipando ilipo, ndipo kunyumba mawu omaliza anali a mkazi wake, Slobodanka. Ozimitsa moto atalengeza kuti akufuna anthu okayeserera kuthawa moto pasiteshoni yatsopano ya sitima, Slobodanka ndiye anati apite onse awiri, atamva kuti pamapeto pake kukhala burek waulere, chakudya chonga samusa.

Loweruka m'mawa holo ya siteshoni inadzaza ndi anthu opuma pantchito ndi ana asukulu. Aliyense anapatsidwa sutikesi yothira mchenga. Mtsikana wina wozimitsa moto, dzina lake Tijana, anakokera Radoje pambali.

"Bambo, inu ntchito yanu ndi yapadera. Sutikesi yanu muisiye pabenchi. Belu likalira muthawe nawo anzanu, koma mukafika pamakwerero mutembenuke, mukaitenge. Musamvere aliyense. Tikufuna tione khamuli lichita bwanji. Musauze munthu."

"Ngakhale mayi akunyumba?"

"Makamaka iwowo."

Belu linalira. Anthu anakhamukira kumakwerero, timatayala ta masutikesi tili gudugudu, wina akuponda chidendene cha mnzake. Radoje anatembenuka. Anayamba ndi "pepani, pepani," koma palibe anamupatukira. Kenako anakumbukira kuti watumidwa ndi a yunifolomu, ndipo anatukumula chifuwa.

"Patukani! Katundu wanga!"

Mawuwo anamudzidzimutsa mwini wake yemwe.

"Iwe mdala, wazungulira mutu? Khomo lili uku!" anakuwa bambo wina wandevu.

"Wazungulira mutu ndiwe! Muli rakija ya mlamu wanga mmenemo!"

"Aaa, ngati ndi kachasu, mlekeni adutse," anatero wina kumbuyo.

Radoje anagwiritsa ntchito zigongono. Masutikesi anagundana, ena anapingasa njira, mzere wonse unaima njii. Chibadwire anali asanamvepo kukoma kotere. Benchi ija inali pafupi, dzanja atatambasula kale, pamene china chake chinamugwira kolala.

"Bambo ake Milica, mukupita kuti?"

"Sutikesi yanga, mayi..."

"Ya mchenga? Zaka zonsezi ndakhala ndikukuphikirani kuti mudzapsere mchenga?"

"Komatu si moto weniweni."

"Ndiye mundichititse manyazi pamoto wabodza?"

Slobodanka anamukoka chafutambuyo, dzanja lina pakolala, lina pasutikesi yake, akukalipira aliyense amene anali kutsogolo. Anthu anapatukadi, ndipo awiriwa anatuluka ambiri akadali pamakwerero.

Panja anapeza Tijana akupukuta misozi ya phwete. Mtsikanayo anawafotokozera mayiwo zonse, nati abwerezanso, poti wobwerera uja wabwezedwa panjira. Slobodanka anayang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Munasankha awa? Awatu akagunda chitseko amachipepesa. Ndipatseni ine ntchitoyo."

Ulendo wachiwiri belu litalira, Slobodanka anatembenuka pamakwerero molimba mtima, mwakuti theka la khamu linamutsatira ndi masutikesi awo, poganiza kuti mayiwo akudziwa khomo lachidule. Radoje anatuluka bwinobwino. Anapeza Tijana akukuwa pachimkuzamawu kuti anthu otsatira mayiwo abwerere, koma m'holomo simunatuluke ngakhale mmodzi wa iwo.

"Sungani mawu anu, mwanangu," anatero Radoje, akukhala pasutikesi yake. "Atuluka mayiwo akafuna."